Mfuti ya Anthu Awiri

Medson Namakhwa anali munthu woti usanamupatse moni unkayamba wamuyang'ana kaye pankhope. Anali wamfupi, wa chifuwa chotambalala, wogontha khutu limodzi, ndiponso wa mtima wapachala. Makolo ake anachokera kwa Apwitikizi pothawa chibalo, nagwira thangata m'minda ya azungu zaka zingapo, mpaka anapatsidwa malo kwa Mwambo, m'mphepete mwa madambo a mpunga. Medson anakulira komweko, anabatizidwa komweko, ndipo akadakalambira komweko osadziwika ndi munthu pakadapanda nkhondo ya azungu. Mu 1941 anayenda pansi mpaka ku Zomba kukalembetsa usilikali wa Keyala. Iye ankati anapitira mfumu ya ku Mangalande, koma omudziwa ankati anapitira nsapato.

Nsapato anamupatsadi, ndipo anamupatsanso Breni.

Amene sanaionepo Breni asaganize za gogodela wa alenje. Ndi mfuti yolemera ngati mwana woyamba kuyenda, yoima pa timiyendo tiwiri kutsogolo, ndipo zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi kopindika kotchedwa magazini, kamene amakabaya pamwamba. Pagulu la asilikali khumi imakhala imodzi yokha. Enawo ali ndi mfuti zawo zing'onozing'ono, koma ntchito yawo yeniyeni ndi kuinyamulira zipolopolo ndi kuiteteza. Ikamalira, adani amabisa mphuno m'dothi, anzako n'kumasendera kutsogolo. Ikangoti zii, anzako aja amayamba kufa. Komanso si mfuti ya munthu mmodzi. Namba Wani amagona kumbuyo kwake n'kumawomba. Namba Tu amagona kumanzere, kulandira magazini yotha, kubaya ina, kusintha mpope ukatentha, kutembenuza kachitsulo ka mpweya mfuti ikayamba ulesi. Awiriwo salankhulana, poti mu mkokomo wotere palibe angamve mnzake. Amadziwana ndi manja basi.

Namba Tu wa Medson anali Twaibu, Myao wa kumapiri a Namwera, wamtali, wowonda, wouma pakamwa. Ku Bama anagona limodzi m'matope miyezi isanu, mvula osakata, misundu ikuwayamwa mpaka m'nsapato zomwe. Twaibu ankaika zipolopolo makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'magazini iliyonse, osati makumi atatu, chifukwa Breni ukaidyetsa mopyola imatsamwa. M'mawa wina pamtsinje wina Majapani anabwera katatu, mpope unatentha mpaka madontho a mvula ankawira pogwerapo, ndipo Twaibu anausintha kanayi, mfuti osakhala chete nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Pa anthu khumi a gulu lawo anafa awiri okha tsikulo. Medson ankati otsalawo anawapulumutsa ndi iye, ndipo Twaibu sankatsutsa.

Nkhondo itatha Medson anabwerako ndi mamendulo awiri, kabuku ka usilikali, ndi pakamwa. Anakwatira Estere n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, ulendo wa ola limodzi kuchokera kudoko la asodzi la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja. Ankalima mpunga ndi chimanga ngati wina aliyense, koma nkhani inali imodzi. Pamaliro Bama, pa mowa wa dima Bama, potuluka m'tchalitchi Bama. Ana a m'mudzimo ankadziwa kalilidwe ka Breni asanadziwe katekisimu.

Twaibu anamutsatira patatha chaka. Kwawo sanapezeko chomukhazika, choncho anabwera ku Kachulu, anakwatira Mwanabibi, mwana wa msodzi, n'kuyamba kuyanika matemba ndi kuwamba milamba. Kwa mnzake anapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti asamamutchule. Iye za nkhondo anali atazikwirira, ndipo ngakhale kumzikiti palibe ankadziwa kuti anavalapo yunifomu. Medson anasunga mawuwo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, chomwe kwa munthu wa pakamwa ngati pake chinali chozizwitsa. M'nkhani zake Namba Tu anali "Myao wina wake". Anthu ankangodabwa kuti Mlomwe wa tchalitchi ndi Myao wa kofia amagwirizana pa chiyani, poti akakhala pansi pa mtengo salankhulana n'komwe, ndipo akamayenda pamsewu wamtaliyo amakhala kumanzere nthawi zonse.

Ufulu unabwera mu 1964, anthu anavina mpaka fumbi. Chaka chisanathe n'komwe kunamveka kuti anthu ena cha ku Mangochi atenga mfuti kufuna kugwetsa boma. Iwo anakathera padoko la Liwonde, koma mantha a boma sanathere pomwepo. Mawu anafika kwa tcheyamani wa chipani kuti alembe mayina a onse amene anali ku Keyala, ndi ntchito imene ankagwira kumeneko. Tanthauzo lake silinkafuna womasulira. Wodziwa mfuti zazikulu ndiye angaphunzitse zigawenga, ndipo wotere ankakwezedwa lole. Anthu omwe aja anawatuma kukafera kutchire la eni ake tsopano anasanduka nsikidzi m'dziko lawolawo. N'zochititsa manyazi kunena, koma boma lathu lomwe, la mbendera yatsopano, linkanjenjemera ndi alimi a mpunga oyamba imvi.

Tcheyamani wa m'deralo anali Gerishomo, mchimwene wake wa Estere, munthu wamantha koma wosaipa mtima. Anabwera m'mawa ndi pepala ndi pensulo, nakhala pakhonde, nazungulira nkhani kanthawi ngati galu wofuna pogona. Kenaka anati dzina la Medson sangalisiye, poti ndi nkhuku zomwe za m'mudzimo zinamva za Bama.

"Koma pa ntchito ndilemba kuti kuki, alamu. Munkaphikira azungu."

Medson anadzambatuka mpaka mpando unagwa. Anati Gerishomo alembe kuti anali mfiti, alembe kuti anali wakuba, koma kuki ayi. Iye amene anadutsa mitsinje ya Bama Breni ili paphewa, alembedwe kuti ankasenda mbatata? Anakalipa mpaka anthu anasiya makasu m'minda kubwera kudzaona. Gerishomo anapinda pepala lake n'kuona msana wa njira.

Dzuwa litapendeka kunafika Twaibu, atanyamula timilamba titatu tokulunga m'masamba. Anakhala pansi, kumanzere, ndipo anadikira mpaka Estere atalowa m'nyumba.

"Che Medson, akakudziwani kuti munali Namba Wani, funso lachiwiri mukulidziwa. Breni munthu sagona nayo yekha. Ine kwathu ndi ku Namwera, komwe kwachokera moto umenewu. Inu angakumenyeni n'kukubwezani. Ine sadzandibweza."

Mawu amenewa anali ochuluka kuposa onse amene Twaibu analankhula chaka chimenecho. Medson m'mawa mwake anapita yekha kwa mlamu wake, naima pabwalo osakhala pansi, n'kunena kuti alembe kuti kuki.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mudzi wonse unagwirizana kuti nkhani za Breni zija zinali mabodza a pamowa. Estere anatentha kabuku kaja, mamendulo anawaponya m'chimbudzi mwamuna wake ali kumunda, ndipo anayamba kumuphunzitsa kuphika, kuopa kuti angadzamuyese. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, woti chibadwire sanatsukepo ndi mthiko womwe, ankanjuta kuseri kwa nyumba akusankha mpunga ndi kukazinga anyezi, amayi akuseka m'nsalu podutsa kupita kumadzi. Kugombe kunali koipa kuposa pamenepo. Amuna omwe aja ankamugulira mowa kuti amve za Majapani tsopano ankamufunsa kuti lero azungu adya chiyani. Ankati akumuzolowetsa. Bodza, ankasangalala kuona munthu wodzitama atagwada. Medson ankangokukuta mano, mitsempha ya m'khosi itaima. Tsiku lina anaphwanya mphika ndi chidendene, Estere n'kumuuza kuti aphwanye yonse, koma adzaphikira m'phale. Anapirira masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lililonse ankadzikumbutsa kuti akuphikira moyo wa Twaibu.

Lole inafika ku Kachulu m'mawa wina mpunga utayamba kucha. Munali amuna a boma a mfuti, ndi sajeni wonenepa wa ndodo m'khwapa. Anasonkhanitsa anthu onse pamchenga, asodzi, ogula nsomba, amayi ndi madengu awo, ndipo a Keyala asanu ndi awiri a papepala la Gerishomo anawakhazika padera. Twaibu anali m'chigulu cha anthu wamba, manja akuda ndi utsi wa nsomba, popanda womuyang'ana kawiri. Sajeni anafunsa mmodzimmodzi. Awiri anawakweza lole, wina chifukwa anali kopolo, wina chifukwa anayankha mokweza mawu. Atafika pa Medson anayang'ana mapewa aja, nayang'ana pepala, n'kufunsa kuti kuki wa mtundu wanji amagontha khutu. Medson anati linagontha ndi malungo. Sajeni anati chabwino, anyamata ake sanadye, kuki aphike.

Anaphika, pamaso pa Kachulu yense. Mpunga sunapserere, mlamba unalowa tomato bwinobwino, ndipo Estere, amene anaima kumbuyo atagwira pakamwa, anapuma. Sajeni anadya mpaka kunyambita zala, nati mchere wachuluka, ndiye n'chifukwa chake azungu anathawa m'dziko muno. Anyamata ake anaseka, anthu nawo anaseka poti pamenepo kusaseka kunali mlandu. Kenaka analoza chigulu chija ndi ndodo, kuti kuki abwerere kwa anzake. Medson anayenda kukakhala pansi, manyazi akumuwotcha kumaso, koma nkhani inali itatha. Twaibu anali atapulumuka.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sajeni anati pasachoke munthu asanaone chimene boma lasungira zigawenga. Amuna awiri anatsitsa chinthu chokulunga m'chiguduli, nachiika pamchenga moyang'ana kunyanja, ndipo Medson anaona Breni koyamba chichokereni ku Keyala.

Mtima unamupweteka amunawo asanaiwombe n'komwe. Inali ndi dzimbiri pampope, mchenga m'mbali, mafuta inali isanalawe kaya kuyambira liti. Mwamuna wa ndevu anagona kumbuyo kwake miyendo itapingasa ngati ali pamphasa kwawo, ndipo kumanzere kwake kunalibe munthu. Anawomba. Mfuti inalira kawiri n'kukhala chete. Anakoka chogwirira, nawombanso, inalira kamodzi n'kukhala chete. Medson ndi khutu lake limodzilo anaidziwa nthendayo pomwepo. Kabowo ka mpweya kanali katatsekeka ndi mwaye, ndipo magazini anali ataidzaza mpaka pakamwa. Mankhwala ake ndi kumasula mpope, kuukankhira kutsogolo, kutembenuza kachitsulo kaja kuti kafike pa bowo lalikulu, ndi kuchotsako zipolopolo ziwiri. Ndi ntchito yoti anthu awiri odziwa amaitha munthu asanamalize kuyetsemula.

Wandevu uja sankadziwa chilichonse cha zimenezi. Anaigwedeza, anaimenya ndi chikhatho, sajeni akumutukwana za kwawo, anthu akubisa nkhope. Ena pambuyo pake ankati unali msampha wotchera a Keyala. Ukadakhala msampha bwenzi zikupwetekako pang'ono. Unali umbuli chabe, umbuli wa anthu opatsidwa chinthu chopha anthu osadziwa ndi kuchipukuta komwe. Thukuta likuyenderera, mwamunayo anapapasa pamchenga, natola mwala, n'kuyamba kukhoma pachotsekera mpope.

Kukhoma koyamba Medson anatseka maso. Kwachiwiri anagwira bondo lake ndi manja onse awiri. Masabata asanu ndi limodzi a mphika, kuseka kwa amayi, mchere wa sajeni, zonse anazimeza, koma mwala uja unamukanika pakhosi. Iye mwini ankati sakumbuka kudutsa pamchengapo. Anangopezeka kuti wakankha wandevu ndi phewa, wagona kumbuyo kwa mfuti miyendo itawongoka, wakoka chogwirira, wazula magazini n'kuitambasulira kumanzere osayang'anako.

Munthu anailandira.

Medson anatukula chotsekera, nakankha mpope. Zala zazitali zonunkha utsi wa nsomba zinatembenuza kachitsulo kaja ndi nsonga ya chipolopolo, zinatulutsa zipolopolo ziwiri ndi chala chachikulu, zinabaya magazini, n'kumugunda paphewa kuti zatheka. Anawomba zisanu, napumira, nawomba zisanu zina, ndipo Breni inalira mokoma mmene iyenera kulirira. Madzi anathovoka kutali pamzera umodzi, akakowa anauluka m'mabango. Kwa kanthawi kochepa zedi Medson anakondwa, ndipo kukondwa kumeneko ndi kumene sanadzikhululukire mpaka imfa.

Kenaka anamva kuti gombe lonse lati zii. Anatembenuza mutu. Twaibu anali chigonere kumanzere kwake, chigongono pamchenga, kofia itagwa, akuyang'ana zipolopolo ziwiri zili m'dzanja lake ngati waziona koyamba.

Sajeni anayenda pang'onopang'ono, naima pamwamba pawo. Sanakalipe. Anati wakhala akudya za makuki ambiri, koma kuki wotere ndi woyamba, ndipo anafunsa ngati wamtaliyu ndiye ankatsuka mbale. Kenaka anafunsa Twaibu kwawo. Twaibu kunama sankakudziwa, ankadziwa kukhala chete basi, ndipo chete anali atamuthera. Anati ku Namwera. Sajeni anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza ndalama panjira.

Palole, atawamanga chingwe chimodzi, Medson anapsa mtima monga mwa nthawi zonse, ndipo poti panalibe wina womupsera anapsera Twaibu yemweyo. Anamufunsa kuti anamuitana ndani, bwanji sanakhale pa nsomba zake, kodi iye anatchula dzina la munthu?

"Munatambasula dzanja," anatero Twaibu.

Atafika ku Zomba anawalekanitsa pachipata. Medson a boma anamupititsa kukampu ya waya waminga, anamumenya mwezi woyamba, kenaka anamuiwala. Sanaonepo woweruza, sanamvepo mlandu wake. Koma Twaibu a boma ankamufunsa mayina a anthu a ku Namwera, dera limene anachokako zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo, ndipo poti analibe mayina oti apereke ankati akubisa. Sanafike kumapeto kwa nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Medson anazimva kwa mkaidi wina amene anakumba nawo dzenjelo, yemwe anati anamukwirira ndi zovala za ndende, popanda womusambitsa, popanda ndi mmodzi yemwe wa chipembedzo chake.

Medson anatulutsidwa mu 1968, popanda womuuza chifukwa, monga momwe anamutsekera. Anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi zinayi, akulima mpunga, mtima wapachala uli chikhalire, kungoti tsopano unkayaka osatulutsa mawu. Sanalankhulenso naye Gerishomo, ngakhale Gerishomo analibe mlandu. Za chipani sankapitako, khadi ankamugulira ndi Estere mobisa. Koma chimene chinamuthyola msana sichinachitikire kundende. Chinachitika tsiku lachiwiri atabwerako, pamene anavala malaya ake a tchalitchi n'kupita ku Kachulu kukaonana ndi Mwanabibi.

Chaka chimenecho nyanja inali itaphwa. Pamene panali madzi panali matope ong'ambika mpaka kumene maso alekezera, mabwato ali gadaa padzuwa, nsanja zoyanikira matemba zitagwa, anthu ambiri atasamuka. Mwanabibi anamupeza pakhonde akusenda nyika, mizu ya m'dambo imene anthu amadya chakudya chikasowa. Ana ake awiri aang'ono anali kwa achibale, poti iye sakadatha kuwadyetsa. Anamuona Medson akubwera patali, koma sanadzuke kukatenga mphasa.

Medson anakhala padothi. Mawu anali atawakonza zaka zitatu, ndipo anawanena onse, osadzibisira kanthu. Ananena za mwala, za dzanja, za palole, za mayina a ku Namwera, za dzenje ndi zovala za ndende. Anati wapha mnzake ndi iye, osati boma lokha, ndipo wabwera kuti mayiyo amutukwane, amulavulire, amugende ngati afuna. Ankafunadi kutukwanidwa, chifukwa mkwiyo ndiwo chinthu chokha chimene ankadziwa kuchilandira. Mwanabibi anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni osaima.

"Alamu, mfuti ija inachira?"

Medson anaganiza kuti khutu lamunamiza. Mayiyo anabwereza funsolo, osakweza mawu.

"Inachira," anatero Medson.

"Sinavutenso?"

"Sinavutenso. Inalira bwino."

"Ndiye bola. Ndinkaopa kuti mwina bambo a ana anga anafera ntchito yolephereka."

Anapukuta mpeni pachitenje, natola dengu lake n'kulowa m'nyumba, ndipo Medson anamva akutseka chitseko ndi mpiringidzo dzuwa lili paliwombo.